Injini pa Njinga ya Che Amidu

2001

Ntchito yanga yoyamba m'dziko lino inali yonyamula makatoni. Amayi anu anabwera kuno ndi pepala la unamwino, ine ndinawatsatira ndi pepala la ukwati. Ku Lizulu ndinali mmisiri. Ndinkakonza njinga ndi injini za zigayo, ndipo mlendo akafunsa kwa a Mbewe, aliyense ankamulozera. Kuno anthu ankati, "Awo ndi amuna awo a anesi aja." Sindinakangane nawo. Zinali zoona.

Anandilemba pa nyumba yaikulu yosungiramo katundu ku Etobicoke, pafupi ndi bwalo la ndege. Kapitawo wathu dzina langa linamukanika, ankandiitana ndi nambala ya chitseko chimene ndinkaimapo. Magolovesi ankapereka akafuna. Nyengo yozizira yoyamba ndinkavala masokosi m'manja. Kumeneko n'kumene ndinadziwana ndi Che Amidu. Katoni inawagwera paphazi, ndinawamva akutukwana m'Chiyao. Ndinati, "Pepani achimwene." Anatembenuka ngati aona mzukwa. Anali a ku Namwera, aang'ono kwa ine ndithu, ndipo sukulu anafika nayo Folomu 4 pamene ine ndinalekezera Sitandade 6. Sankafuna kukalambira pa makatoni. Anaphunzira galimoto, anapeza laisensi, kenako anawalemba pa kampani yopereka maphukusi m'makomo n'kuwapatsa vani yoyera. Tsiku loyamba anadutsa nayo kwathu, analiza hutala mpaka anthu a m'mwamba kusuzumira pamawindo.

"Che Mbewe, tulukani muone ofesi yanga!"

Ndinatuluka, ndinaiona. Vani imeneyo ndiyo inkalipira nyumba yawo. Ndiyo inkadyetsa anthu ku Namwera, ndiyonso inabweretsa akazi awo kuno.

2003

Ine ndinachoka pa makatoni chaka chimenechi. Ndinapeza malo pa kashopu kokonza injini zing'onozing'ono, ka Bwana Manuel, Mpwitikizi wamfupi, wa mawu ochepa ngati ine. Kwathu ku Lizulu ukangowoloka msewu uli ku Mozambique, choncho moni wa Chipwitikizi ndinali nawo. Ndinamupatsa. Sanaseke. Anandiikira injini yakufa patebulo n'kupita kukamwa khofi. Pobwera anaipeza ikulira. Anati ndiyambe Lolemba.

Nthawi yotentha tinkakonza makina otchetchera kapinga, nthawi yozizira makina ochotsera sinowo. Ambiri ankachokera ku Oakville, kumene kapinga wa pakhomo amakula ngati munda. Vuto linali masipeya. Manuel sankafuna kusunga katundu pashelefu, ndipo kapinga akangoyamba kuphuka makina ankabwera onse nthawi imodzi, masipeya ali m'njira. Ine ndinkadula magasiketi pa katoni ngati kumudzi. Ankagwira bwino. Manuel ankatembenukira kukhoma, n'kunena kuti kasitomala asaone. Lamulo lake linali limodzi: chilichonse chotuluka pachitseko chake chanyamula dzina la shopu. Koma Loweruka masana ankandisiyira makiyi kuti ndizipanga zanga. Kumeneko ndiko ndinayambanso kumva kuti manja anga ndi anga.

2005

Bambo wina wa ku Oakville anabwera ndi bokosi. Munali kainjini ka petulo, kathanki, tcheni ndi ekizozi, zomangirira pa njinga yakapalasa. Mwana wake anaitanitsa pa intaneti, zinamukanika. Bamboyo anati titaye. Manuel anati nditaye. Sindinataye. Loweruka ndinamangirira pa njinga yanga, ndinapalasa pang'ono, ndinasiya kilatchi, inalira. Ndinayenda nayo chilimwe chonse m'misewu ya kuseri. Apolisi ankandidutsa. Mmodzi anandikwezera dzanja. Ndinati mumtima, ndiye kuti palibe vuto. Pa misonkhano ya Amalawi anthu anayamba kuunjikana pa njingayo, ndipo wina wa ku Chipata ananditcha injiniya. Dzinalo ndinalikonda, sindikubisa.

2006

Kampani ya Che Amidu inasamutsira depoti kutali. Vani inkagona kudepoti. Kuti akafike ankakwera mabasi awiri, ndipo yachiwiri ikawasiya ankachedwa. Kapitawo wawo anali atawachenjeza kale. Ine kushopu ndinkatha kuyenda wapansi. Ndinawauza kuti abweretse njinga yawo ndisamutsirepo injini.

"Koma apolisi, Che Mbewe? Ine laisensi ndiye khasu langa."

"Ili ndi mapedulo?"

"Ili nawo."

"Ndiye ndi njinga."

"Mwafunsa bwinobwino?"

"Ndayenda nayo chilimwe chonse. Mukufuna ndifunsenso ndani?"

Anaseka, anati akulu akanena anena. Ndinamanga injini. Nditatha ndinaima patali n'kuiyang'ana, ndinaona kuti ntchito sinathe. Kwathu njinga yopanda keliyala ndi ya masewera. Ndinawotcherera keliyala yolimba, ndinaikapo siponji, ndinakuta ndi chikopa chakuda, n'kuika popondera m'mbali ngati za akabaza. Che Amidu sanapemphe zimenezo. Atabwera anasisita mpandowo, anati, "Apa ndiye mwandikumbutsa pa Mangochi boma." Anayenda nayo miyezi yonse yotentha, kuntchito sanachedwenso.

Akazi awo anachira mwana wamkazi, ndipo mayi a Che Amidu, Abiti Jafali, anabwera kuchokera kumudzi kudzathandiza. Anali mayi wamkulu, wa bondo lovuta, wosaopa munthu. Tsiku la Idi, mwezi wa Okutobala, mapemphero anali mu holo ina yosatalikira kwenikweni. Basi inachedwa. Mayiwo anaona njinga ili pakhonde, anaona mpando, anati, "Zonse za kuno zandisokoneza, koma ichi ndiye ndikuchidziwa." Anakhala chammbali monga amakhalira amayi kwathu, miyendo yonse mbali imodzi, chikwama pamiyendo, osagwira paliponse. Che Amidu anakwera kutsogolo, ananyamuka. Atangolowa mumsewu waukulu, galimoto ya apolisi inayatsa magetsi kumbuyo kwawo.

Foni inandipeza ndili pa ntchito. Ndinathamanga ndi ovolosi. Ndinapeza njinga itatsamira mtengo wa magetsi, Che Amidu ali mu mkanjo woyera ndi kofia, mayi awo atakhala pasimenti m'mphepete mwa msewu, miyendo atawongola. Anthu opita ku mapemphero ankadutsa m'magalimoto, akuchepetsa liwiro kuti aone. Ambiri ankatidziwa. Wapolisiyo anali waulemu. Anati njingayi anaionapo kangapo n'kuisiya, koma gogo wokhala chammbali, wopanda chipewa cholimba, pakati pa malole, sakanatha kutseka maso. Ndipo akaimitsa munthu, ayenera kuyang'ana zonse. Anafuna nambala ya pamsewu, panalibe. Anafuna inshuwalansi, panalibe. Laisensi ya Che Amidu inali ya galimoto, si ya njinga yamoto.

Abiti Jafali anandikoka mwendo wa ovolosi. "Bambo, tamufunseni mwanayu. Chalakwika ndi kukhala kwangaku? Akufuna ndikhale motangadza ngati mwamuna?"

"Amama, khalani chete kaye," anatero Che Amidu.

"Ndikhale chete bwanji? Ku Namwera ndakwera ndi thumba la chimanga pamwamba, palibe anandigwira. Muuzeni kuti lero ndi Idi."

Wapolisi anafunsa amene anaimanga njingayo. Ndinakweza dzanja. Anagwada, anayang'ana mowotcherera, anati ntchito yabwino. Kenako anaimirira n'kupitiriza kulemba dzina la Che Amidu. Njinga imene munthu mmodzi akanainyamula paphewa anaikweza pa lole yokoka magalimoto. Mapemphero anatha ife tili pamsewu.

Ine ndinaganiza kuti nkhaniyi ndi yaing'ono. Chasowa ndi nambala, tikatenge nambala, tikaonetse kukhoti, basi. Tinaiombola njingayo, ndinaijambula mbali zonse, ndinapita ku ofesi yolembetsera magalimoto. Amayi anu anandiperekeza atangoweruka, yunifolomu ili m'thupi, chifukwa Chingerezi cha m'maofesi chimandithawa. Mayi wa pawindo anayang'ana zithunzi, anafunsa nambala ya kufakitale ndi chizindikiro chosonyeza kuti boma linavomereza kapangidwe kake. Ndinaloza nambala ya pa felemu. Anapukusa mutu. Anafotokoza pang'onopang'ono, akuyang'ana amayi anu, osati ine. Njinga ikangokhala ndi injini ya petulo, lamulo siliiona ngati njinga. Ilipo ina yaing'ono imene amaitcha mopedi, yokhala ndi mapedulo ndi kainjini kochepa, yopanda kilatchi ya pamanja. Imeneyo imafuna nambala, inshuwalansi ndi chipewa cholimba, ndipo kuyambira chaka chathachi imafunanso laisensi ya gulu la njinga zamoto. Kunyamula munthu kumbuyo n'koletsedwa. Yanga inali ndi kilatchi, choncho sinali mopedi. Kuti ikhale njinga yamoto inalibe mabuleki ake, magetsi ake, ngakhale pepala la kufakitale. Popanda pepalalo sangailembe, ndipo popanda kuilemba palibe wa inshuwalansi angaikhudze. Anawonjeza kuti njinga za batire ndiye anali atangoyamba kuziloleza, koma za petulo ayi.

Ndinati amayi anu afunse kuti nanga chimene ndinapangachi n'chiyani. Mayiyo anaganiza, anati pabwalo la nyumba yanu mutha kuyendetsa. Ife tinkakhala pa nsanjika yachisanu. Pobwerera m'basi amayi anu sanandinyoze. Anangoyang'ana pawindo.

Pa milandu yonse, woopsa unali wa inshuwalansi. Kampani inawauza Che Amidu mosabisa kuti akapezeka wolakwa pa umenewo, a inshuwalansi ya mavani sadzawalola kugwira chiwongolero. Anawasiya pa vani podikira khoti. Ndinamuuza Manuel zonse. Anamvetsera akupukuta sipanala.

"Unawotcherera kuti?"

"Muno, Loweruka."

"Dzina la shopu yanga likamveka m'khoti, usadzabwerenso. Ndili ndi inshuwalansi yanganso ine."

Sanakalipe. Anapachika sipanala pamalo pake.

Kunyumba amayi anu anati, "Bambo a Tadala, zaka zanu zimenezi mubwerera ku makatoni? Sanakuitaneni. Pepala lili ndi dzina la Che Amidu." Ananena zoona. Koma kwathu mlandu umasenzeka. Mwana akaotcha nkhokwe ya eni, amalume ake ndiwo amakhala pansi pabwalo. Lamba wa chigayo amene ndamanga ine akaduka n'kuvulaza munthu, safunsa woyendetsa chigayo, amatuma munthu kwa mmisiri. Ndinkadziwa zimenezo zokha. Ndinawauza amayi anu kuti andiphunzitse mawu oti ndikanene m'Chingerezi: ndinamanga ndine, m'shopu ya abwana anga, ndinamuuza ndine kuti ndi njinga wamba, mlandu ndi wanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba kundiphunzitsa.

2007

Khoti linali kumayambiriro kwa chaka, sinowo ili mbuu. Ndinavala suti. Ndinatsanzikana ndi Manuel dzulo lake ngati munthu wopita ulendo, ndinasonkhanitsa zitsulo zanga m'bokosi kuti zisadzavute kutenga. Iye anaona.

Si bwalo lija ndinkaliganizira. Munali anthu ambiri, aliyense ndi pepala lake, ena a liwiro, ena odutsa pa getsi lofiira. Khoti lisanayambe anthu anafola kwa loya wa boma, mnyamata wa tayi wofiira amene ankalankhula osakweza mutu. Che Amidu atafika ndinaima pambali pawo. Ndinayamba mawu anga. Loyayo anafunsa ngati ndine woimira mlandu. Ndinati ayi, ndine amene ndinamanga. Anati zimenezo sizisintha kanthu, lamulo limafunsa mwini wake ndi amene anali pampando. Anawauza Che Amidu kuti akavomera wa inshuwalansi, enawo awachotsa, ndipo sapempha kuti awalande laisensi. Akakana, onse apita kwa woweruza, ndipo wapolisi ali panja ndi zithunzi.

Tinatuluka m'khonde.

"Musavomere," ndinatero. "Ndikalankhula kwa woweruza."

"Che Mbewe, mwamumva. Ndikakana n'kuluza, nditaya ndi laisensi yomwe. Bola itsale m'thumba."

"Koma vani."

"Vani ndi ya Mulungu. Tiyeni, akuitana."

Dzina lawo litatchulidwa anaima kutsogolo. Woweruza anali mayi wa imvi ndi magalasi. Anawerenga mlandu, anafunsa ngati akuvomera. Ine ndinaimirira kumbuyo. Mawu aja ndinayamba kuwanena, mokweza, mmene anandiphunzitsira amayi anu. Ndinafika pakati, pa mawu a shopu, dzina lake ndisanalitchule. Mayiyo anakweza dzanja. Anafunsa ngati dzina langa lili pa pepala. Ndinati ayi. Anati, "Sit down, sir." Ananena mofatsa, ngati akuuza wodwala. Anthu anatembenuka. Wina anaseka pang'ono. Wachitetezo anayamba kuyenda kubwera kumene ndinali. Ndinakhala pansi. Che Amidu sanatembenuke. Ndinaona khosi lawo lokha, ndinawamva akuvomera.

Anawalamula chindapusa chachikulu. Laisensi anawasiyira. Nkhani yonse sinatenge nthawi imene ndimatenga posintha pulagi.

M'mawa mwake ndinapita kushopu kukatenga bokosi langa. Manuel anafunsa ngati dzina linamveka. Ndinati sanandilole kufika pamenepo. Anati ndiye ukuimiranji, makina akudikira. Ndinamasula bokosi. Ndinagwira ntchito pamenepo mpaka tsiku limene ndinapuma, ndipo malipiro anga sanadukepo ngakhale sabata imodzi.

Che Amidu kampani inawatsitsa pa vani mwezi womwewo. Sinawachotse ntchito. Inawaika m'depoti kuti azikweza maphukusi m'mavani a anzawo, kuphatikizapo yawo yomwe ija, imene anapatsa munthu wina. Anawauza kuti zaka zikapita mbiri ya mlanduwo imafufutika. Pamene inkafufutika msana unali utayamba kuwavuta, ndipo kampani inali italemba achinyamata. Vani sanaiyendetsenso.

Khoti litakana kundipatsa mlandu, chinatsala ndi cha kwathu. Wolakwa amapita ndi mbuzi, amakhala pansi, amapereka, eni ake akalandira, iye amanyamuka n'kumapita osadyako. Nkhani imathera pomwepo. Ndinawauza amayi anu kuti ndikufuna mbuzi.

"Yamoyo? Mukwera nayo mu lifiti?"

"Ndiona."

"Mwagwidwa kale ndi njinga, mukufuna mugwidwenso ndi mbuzi?"

Anandiyendetsa okha mpaka kufamu ina kupitirira Hamilton, kumene Asilamu amazinga ziweto mwa chipembedzo chawo. Ndinasankha tonde wamkulu. Anamuzinga, anamusenda, ndinamunyamula yense m'mabokosi awiri. Loweruka masana ndinagogoda kwa Che Amidu. Abiti Jafali anali asanabwerere kumudzi, anali pa sofa ndi mdzukulu wawo. Anandilozera mpando. Ndinavula nsapato n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko, mabokosi patsogolo panga.

Che Amidu anandiyang'ana, anayang'ana mabokosi. Anadziwa.

"Che Mbewe, dzukani. Pansipo pakuzizira."

"Ndabwera ndi chipepeso."

"Cha chiyani?"

"Mukudziwa."

"Amene anakwera ndine. Amene anakweza amama ndine. Woweruza ananena yekha kuti dzina lanu palibe."

"Woweruza si wa kwathu."

"Inu munandipatsa injini yanu, inu n'kumayenda wapansi. Ndikalandira mbuziyi ndiye kuti ndikunena kuti munandilakwira. Ana anga adzamva kuti munthu akakuthandiza umamulipiritsa. Ayi, akulu."

"Landirani, Che Amidu. Ndipepukidwe."

Ndinaona kuti nawonso zawavuta. Tinakhala choncho, iwo chiimire, ine pansi, mwana akulira pang'ono. Kenako Abiti Jafali anapereka mwanayo kwa mayi wake, anadzuka ndi bondo lawo lija, anabwera n'kutsegula bokosi. Anatola mwendo wa mbuzi, anaukweza, anaunusa.

"Tonde wonona. Mwagula kuti, bambo? Kuno ndadya nyama zonunkha firiji mpaka ndatopa." Anatembenukira kukhitchini. "Iwe, teleka mpunga. Alendo abwera ndi ndiwo."

"Amama, si ndiwo," ndinatero.

"M'nyumba muno mlandu mulibe, ndiye mbuzi ya mlandu ilowa bwanji? Yalowayi ndi ndiwo. Ndipo wobweretsa ndiwo sachoka asanalawe. Mukatuluka pakhomopo ndiye kuti mwaikamo mankhwala."

Che Amidu anaseka, akazi awo anaseka kukhitchini. Che Amidu anandigwira mkono n'kundidzutsa, anandikhazika pa mpando wabwino, wa mwini nyumba. Ndinakhala pamenepo nthawi yonse imene nyama inkapsa. Anandifunsa za inu ana, za sukulu, za mtengo wa matikiti a ndege. Za vani sanatchule. Chakudya chitabwera Che Amidu anandithirira madzi m'manja okha, beseni atagwira ndi dzanja linalo. Abiti Jafali anafufuza m'mbale n'kundisankhira chiwindi, anandiikira pamwamba pa mpunga. Onse anadikira kuti ndiyambe ine.

Ndinatema, ndinaika m'kamwa. Chinakana kutsika.

"Mchere wakwana, Che Mbewe?"

Ndinati wakwana.